Mwini katungwe amagulitsa mphindi: phunziro kwa ochita malonda pamalo a zisangalalo

Nyengo ya zionetsero ikafika, mavenda ambiri amasiya mabenchi awo kumsika n'kuthamangira komwe kuli khamu. Ku Blantyre khamulo limapezeka pabwalo la zionetsero la Chichiri, komwe bungwe la MCCCI limachititsa chionetsero cha zamalonda cha mayiko osiyanasiyana komanso cha zaulimi. Kwina limapezeka pa tsiku la mabanja kutchalitchi, pa masewero a sukulu, m'malo ogona alendo pa Khirisimasi ndi pa Eid, ngakhalenso pa tsiku la anakubala la 15 Okutobala. Pa zisangalalo za mabanja zoterezi sipalephera jumping castle, akatungwe, timagalimoto ta ana ndi wina wopenta ana kumaso. Sipalepheranso wogulitsa mbuliwuli amene madzulo amalongedza theka la katundu wake akudabwa kuti anthu onse aja apita nazo kuti ndalama zawo.

Ndalamazo zimakhala zatsala pomwepo, koma m'thumba la wina. Wofuna kugulitsa pafupi ndi zosewera za ana ayenera kudziwa kaye momwe zosewerazo zimapezera ndalama, chifukwa iye ndi mwini katungwe amadikirira chikwama chimodzi cha kholo limodzi.

Mwini katungwe sapikula katundu m'mawa ngati wa tomato. Chomwe amagulitsa ndi mphindi zochepa pampando. Mpando ukazungulira wopanda munthu, ndalama ya ulendo umenewo yatayika ngati tomato wovunda, ndipo sangaibweze ndi ulendo wotsatira. N'chifukwa chake eni makina oterewa amawerenga chinthu chimodzi kuposa china chilichonse: pa ola limodzi akwera anthu angati.

Izi zidaoneka bwino m'chaka cha 1893 pachionetsero chachikulu cha mumzinda wa Chicago ku America. Injiniya George Ferris adamanga chigudumu chachitsulo chotalika mamita 80, chokhala ndi zipinda 36 zolendewera, chipinda chilichonse chonyamula anthu 60. Chikadzaza chinkakweza anthu 2,160 nthawi imodzi. Ulendo unali wa mphindi pafupifupi 20 ndipo tikiti inali masenti 50, mtengo wofanana ndi wolowera pachipata cha chionetsero chonsecho. Anthu oposa 1.4 miliyoni adalipira kuti akwere, ndipo magudumu otere mpaka lero amatchedwa Ferris wheel.

Kwa venda, nambala ya anthu okwera pa ola ndi nambalanso ya anthu odutsa pamaso pa tebulo lake. Iyi sifunika kuifunsa kwa munthu. Kuima mphindi khumi potulukira chosewera china n'kuwerenga ana ndi makolo otuluka, kenako n'kuchulukitsa kasanu ndi kamodzi, kumapereka chithunzi chabwino kuposa mawu a wokonza mwambo yemwe ntchito yake ndi kugulitsa malo. Chosewera chomwe chili ndi mzere wautali koma chimakweza ana anayi okha pa ulendo chimatulutsa makasitomala ochepa kuposa chopanda mzere chomwe chimakweza ana makumi awiri mphindi zisanu zilizonse.

Kulipira pachipata ndi kulipira mkati

Malo a zisangalalo amatolera ndalama m'njira ziwiri, ndipo kusiyana kwake kumakhudza venda kwambiri kuposa momwe ambiri amaganizira. Paki ya Disneyland itatsegulidwa ku Anaheim, m'chigawo cha California, mu Julayi 1955, munthu wamkulu ankalipira dola imodzi pachipata, kenako n'kumalipiranso payokha pa chosewera chilichonse. Posakhalitsa adayamba kugulitsa timabuku ta matikiti okhala ndi zilembo, ndipo pofika 1959 zilembozo zinali A mpaka E, tikiti ya E ikhala ya zosewera zotchuka kwambiri. M'chaka cha 1982 adathetsa matikitiwo n'kuika mtengo umodzi pachipata woti munthu akwere chilichonse kangati komwe akufuna.

Katswiri wa zachuma Walter Oi adalemba za funso limeneli mu 1971, potengera chitsanzo cha Disneyland yomweyo. Maganizo ake anali akuti ngati makasitomala onse akadakhala ofanana, mwini paki akadapindula kwambiri potchipitsa zosewera n'kutengera phindu lake lonse pachipata. Koma poti ena amafuna kukwera kakhumi pomwe ena angobwera kudzaperekeza ana, chipata chokwera mtengo chimabweza anthu ambiri, ndiye mwini paki amakakamizika kutsitsa pachipata n'kukweza mkati.

Amalawi okhala ku Johannesburg amadziwa njira yoyambayo ku Gold Reef City, paki yomwe idamangidwa pamalo a mgodi wakale wa golide wa Crown Mines. Kumeneko tikiti ya pachipata imakwanira zosewera zambiri za mkati. M'Malawi muno kawirikawiri zimakhala za njira yachiwiri: pachipata pali mtengo wake, jumping castle ili ndi wake, wopenta kumaso alinso ndi wake.

Komwe zonse zalipiridwa pachipata, banja limakhalitsa kuti ndalama yake igwire ntchito. Limafika m'mawa n'kutuluka madzulo, ndipo pakati pa nthawiyo njala imawawa. Ndalama iliyonse yotsala m'chikwama ndi ya chakudya ndi zakumwa, choncho chipisi cha pachiwaya, kanyenya ndi mpunga wa m'mbale zimayenda. Komwe chosewera chilichonse chili ndi mtengo wake, zinthu zimasintha. Mayi amene watsala ndi K2,000 m'manja amayang'ana mwana n'kumufunsa kuti asankhe, kudumphanso kamodzi kapena chipisi. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sangasankhe chipisi. Pamalo otere mbale ya K3,000 imangozizira, pomwe kapaketi ka K300 kapena K500, kogulika ndi chenji chotsala pa tikiti, kamatha msanga. Venda wanzeru amafunsa mitengo ya pachipata ndi ya zosewera asadapikule kanthu, n'kukonza mapaketi ake kuti agwirizane ndi chenji chomwe kholo lizitsala nacho. Ngati kudumpha kuli K1,500 ndipo makolo ambiri akupereka K2,000, katundu wa K500 ndiye ali pabwino.

Poima ndi pomwe pali malonda

Wofuna chinthu ndi mwana, wolipira ndi kholo, ndipo awiriwa sakhala pamodzi nthawi zonse. Mwana akakhala mkati mwa jumping castle, kholo limaima panja litanyamula nsapato, lilibe chochita kwa mphindi khumi. Limeneli ndi kasitomala wa madzi, thobwa ndi mtedza. Mwana akatuluka amakhala ali thukuta kamukamu, kukhosi kuli gwa, ndipo chomwe amaona koyamba ndicho amalozera. Apa ndi pa mafilizesi ndi zoziziritsa kukhosi. Polowera chosewera chozungulira si malo a chakudya cholemera, chifukwa kholo lomwe lidaonapo mwana akusanza atatsika katungwe silimulola kudya asadakwere. Pamzere pamayenda zopepuka zogwirika ndi dzanja limodzi, monga mbuliwuli ndi maswiti.

Zidole, mabaluni ndi timagalasi tamitundumitundu zimagulidwa kwambiri anthu akamatuluka. M'mawa kholo limakana chifukwa silikufuna kuyenda ndi baluni tsiku lonse komanso silikudziwa kuti litsala ndi zingati. Madzulo limadziwa, ndipo nthawi zina limagula pongofuna kuti mwana wolira avomere kupita kunyumba. Wogulitsa mabaluni yemwe waimika tebulo pakatikati pa bwalo waphonya nthawi imeneyi.

Mphepo nayo ndi yofunika kuionetsetsa m'mawa. Fungo la mbuliwuli kapena kanyenya likamapita kumzere wa anthu, limaitana lokha. Utsi wa makala ukamapita komweko, okonza mwambo amabwera kudzasamutsa chiwaya, ndipo amachita bwino kutero. Pafupi ndi zimbudzi, pafupi ndi jenereta ndiponso patsogolo pa masipika a oimba ndi malo omwe amatsala opanda owafuna, ndipo wofika mochedwa ndi amene amapatsidwa pamtengo womwewo.

Mtengo: za soseji ya masenti asanu

Nkhani yomwe imakonda kukambidwa pa za mitengo m'malo a zisangalalo ndi ya Coney Island, gombe la zosewera la mumzinda wa New York. Malo odyera a Feltman ankagulitsa soseji ya m'bulede, yomwe amati hot dog, pa masenti 10. Nathan Handwerker, yemwe adachokera ku Poland ndipo adagwirapo ntchito kwa Feltman komweko, adatsegula kabenchi kake mu 1916 n'kumagulitsa pa masenti asanu. Malo a Feltman adatsekedwa m'ma 1950, pomwe dzina la Nathan's likadalipo pangodya yomweyo mpaka lero.

Ambiri akamva izi amati yankho ndi kudula mtengo pakati. Amaiwala kuti kabenchi ka Handwerker kanali pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Stillwell Avenue, yomwe patangopita zaka zochepa idayamba kukhuthula khamu la anthu osauka a mumzindawo, omwe ankalipiranso masenti asanu pa ulendo wa sitima. Phindu lake pa soseji imodzi linali lochepa, koma anali ndi chaka ndi chaka choti aligulitse kwa anthu osatha. Venda wa pa chionetsero cha masiku atatu alibe mwayi umenewo. Katundu wake ali ndi malire, manja ake ndi awiri, ndipo pa maola otanganidwa amagulitsa kale mofulumira momwe angathere. Kutsitsa mtengo pa nthawi yotere ndi kungopereka ndalama kwa anthu omwe akadagula ngakhale pamtengo wabwino. Komanso chakudya chotchipa mopitirira muyeso chimakayikitsa makolo, makamaka nyama.

Chitsanzo choyenera venda wa masiku ochepa ndi cha maswiti onga thonje, omwe ambiri amawadziwa kuti candy floss. Makina ake adapangidwa mu 1897 ndi William Morrison, yemwe anali dokotala wa mano, pamodzi ndi wopanga maswiti John Wharton ku Nashville. Pachionetsero cha ku St. Louis mu 1904 adagulitsa mabokosi oposa 68,000 pa masenti 25 limodzi, theka la mtengo wolowera pachipata. M'bokosimo munali shuga wochepa kwambiri, china chonse chinali mpweya. Anthu ankalipira kukula kwa chinthucho komanso kuonerera chikupangidwa.

Mbuliwuli ili m'gulu lomweli, ndipo makina ake oyenda pa matayala adaonetsedwa ndi Charles Cretors pachionetsero cha ku Chicago chomwe chija cha 1893. Njere ya mbuliwuli ili ndi khungu lolimba lomwe limatsekera madzi ochepa mkati. Ikatentha kufika madigiri pafupifupi 180, madziwo amasanduka nthunzi n'kuphulitsa njereyo, ndipo kapu imodzi ya njere zabwino imatulutsa makapu makumi atatu kapena kuposa. Phindu lonse lili pa kufufumako. Njere zosungidwa m'thumba lotsegula padzuwa zimauma n'kusiya kuphulika bwino, ndipo zotsalira pansi pa poto ndi ndalama yotayika. Zimafunika chidebe chotseka bwino komanso pamthunzi. Ndi bwinonso kukazinga pang'onopang'ono anthu akuona kusiyana ndi kubwera ndi mapaketi omangiratu dzulo, omwe amafika atalefuka ndipo alibe fungo loitana munthu.

Masamu oyenera kuchitika ndalama ya malo isadalipiridwe

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Amatenga ngongole ku banki mkhonde, ena kwa akatapila, n'kulipira malo chifukwa chaka chatha mnzawo adati kunali anthu ambiri. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, aliyense aikepo ake malinga ndi mitengo ya sabata imeneyo, popeza shuga, mafuta ophikira ndi thiransipoti sizikhala pamtengo umodzi nthawi yaitali.

Wogulitsa mbuliwuli walipira malo K60,000 pa masiku atatu. Kunyamula katundu popita ndi pobwera kwadya K15,000. Womuthandiza akulandira K6,000 pa tsiku, zonse K18,000. Makala, chakudya cha awiriwo ndi zina zing'onozing'ono zakwana K12,000. Pamodzi ndi K105,000, ndipo ndalama imeneyi yatuluka kaya agulitsa kaya sagulitsa. Paketi imodzi akugulitsa K500, ndipo njere, mafuta, mchere ndi pepala lake zikumudyera K200. Pa paketi iliyonse akutsala ndi K300. Kugawa K105,000 ndi K300 kukupereka mapaketi 350. Paketi ya nambala 351 ndiyo yoyamba kumupatsa phindu.

Pali ndalama ina yomwe ambiri saiwerengera. Akadakhala pabenchi yake ya masiku onse, mwina akadapeza phindu la K15,000 pa tsiku, zomwe ndi K45,000 pa masiku atatuwo. Kuti ulendo wa kuchionetsero ufanane chabe ndi kukhala kumsika, pakufunika mapaketi ena 150. Cholinga chenicheni ndi mapaketi 500, ndipo masiku atatuwo safanana. Lachisanu m'mawa mumadzaza anthu a m'maofesi odzaona makina ndi mbewu, omwe sabwera ndi ana. Khamu la mabanja ndi la Loweruka masana ndi Lamulungu anthu akaweruka kutchalitchi. Ngati mapaketi 400 mwa 500 aja ayenera kutuluka m'maola asanu ndi atatu otanganidwa, ndiye kuti ndi mapaketi 50 pa ola, pafupifupi imodzi pa mphindi iliyonse. Funso lotsala ndi lakuti poto wake angakwanitse kukazinga mofulumira chotero, komanso ngati anthu odutsa pamalo ake akukwanira. Yankho likakhala lokayikitsa, kuli bwino kugawana malo ndi mnzake wogulitsa zakumwa, aliyense alipire theka, kapena kuima kunja kwa chipata ngati khonsolo ndi okonza mwambo akulola.

Tsiku la mwezi limasinthanso masamuwa. Mwambo wa pa 29 kapena pa 2, malipiro atangotuluka, sufanana ndi wa pa 18. Sabata yotsegulira sukulu, makolo atangolipira fizi, ndi yovuta ngakhale bwalo litadzaza.

Venda afunsenso okonza mwambo mafunso angapo asadapereke ndalama, ndipo mayankho alembedwe pa lisiti kapena pa uthenga wa pafoni: ogulitsa katundu wofanana ndi wake alipo angati, ngati pali kampani ya zakumwa yomwe yapatsidwa ufulu wogulitsa yokha, ngati magetsi ndi madzi zili mumtengo wa malo, ndiponso ngati womuthandiza azilipira pachipata tsiku lililonse. Ogulitsa zophikaphika adziwe kuti a zaumoyo a khonsolo amatha kufunsa chiphaso chosonyeza kuti adayezedwa kuchipatala. Chichokereni mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, ndowa ya madzi osamba m'manja ndi sopo patebulo si chinthu choti munthu achite kukumbutsidwa. Timajumbo topyapyala tosakwana ma micron 60 ndi toletsedwa m'dziko muno, choncho mapepala a khaki ndiwo odalirika, ndipo mbuliwuli sachita thukuta m'pepala ngati m'pulasitiki.

Chenji chimaphetsa malonda ambiri pa maola otanganidwa. Makolo amafika ndi ma K5,000 ndi ma K2,000 ochokera kubanki, ndipo wogulitsa katundu wa K500 amatha chenji chake m'theka la ola loyamba. Kusintha ndalama zing'onozing'ono dzulo lake n'kofunika ngati kupikula katundu. Nambala za Airtel Money ndi TNM Mpamba zilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni. Pakhamu netiweki imachedwa, ndipo akamberembere amapezerapo mwayi woonetsa uthenga wabodza pafoni yawo. Katundu aperekedwe ndalama ikaoneka pafoni ya wogulitsa. Ndalama zazikulu zisakhale m'mbale ya chenji, zizisamutsidwira m'kachikwama ka m'chiuno nthawi ndi nthawi.

Kwa ofuna kukhala eni chosewera

Venda akaona mzere wa ana pa jumping castle tsiku lonse, mtima umamuuza kuti bizinesi yeniyeni ndi imeneyo. Pa pepala zimaoneka choncho. Yokwana ana asanu ndi atatu, ulendo wa mphindi khumi ndi mphindi ziwiri zosinthira, imapanga maulendo asanu pa ola, omwe ndi ana 40. Pa K1,000 mwana mmodzi, ndi K40,000 pa ola. Koma maola odzaza chotero pa tsiku amakhala atatu kapena anayi, ndipo masiku otere pa mwezi ndi owerengeka. Katunduyo amachokera kunja, ku China kapena ku South Africa, ndipo mtengo wake umatsata dola ndi randi. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonse zoitanitsa kunja zidakwera, kuphatikizapo makina opopa mpweya omwe akapsa amafunika ena. Makinawo ayenera kulira nthawi yonse ana ali mkati, choncho kudalira magetsi a Escom okha sikukwanira. Jenereta ndi mafuta ake zilowe m'masamu kuyambira pachiyambi.

Ndalama imalowa m'njira zitatu. Pali kubwereketsa pamtengo umodzi wa tsiku lonse, monga pa phwando la tsiku lobadwa, komwe ndalama ndi yodziwikiratu ngakhale ana atabwera asanu okha. Pali kulipiritsa mwana aliyense, komwe phindu limakula pa tsiku labwino koma mvula ikagwa mwini chosewera amaluza yekha. Palinso kugawana ndi mwini malo, komwe mikangano imabuka madzulo ngati palibe matikiti okhala ndi manambala. Woyamba kumene amachita bwino kudalira njira yoyambayo kufikira atabweza mpamba.

Masamu a ana 40 pa ola ali ndi yesero lake. Mzere ukatalika, woyang'anira amayamba kulowetsa ana khumi ndi awiri m'malo mwa asanu ndi atatu, n'kusakaniza wa zaka zitatu ndi wa zaka khumi ndi ziwiri. Kuvulala kwambiri pa jumping castle kumachokera pa ana kugundana, kugwerana ndi kugwera panja, ndipo mwana wamng'ono ndiye amapweteka. Maulendo azigawidwa potengera msinkhu, nsapato, magalasi ndi zakuthwa zizitsala panja, pakhomo pakhale matiresi, ndipo woyang'anira akhale munthu wamkulu amene ntchito yake ndi kuyang'ana ana basi. Wotolera ndalama akhale wina. Magetsi akathima, makoma amayamba kugwera mkati nthawi yomweyo, ndipo choyamba ndi kutulutsa ana, jenereta pambuyo. M'mwezi wa Okutobala pulasitiki yake imatentha masana moti imatha kuwotcha mapazi ndi mawondo a ana, choncho pamafunika mthunzi kapena kupumira dzuwa likakhala paliwombo.

Choopsa chachikulu ndi mphepo. Pa 16 Disembala 2021, pasukulu ina ya pulayimale m'tauni ya Devonport pachilumba cha Tasmania ku Australia, kamvuluvulu adanyamula jumping castle pa chisangalalo chotsekera chaka. Ana adagwa kuchokera m'mwamba mamita pafupifupi khumi, ndipo asanu ndi mmodzi adamwalira. Kukhoti kudamveka kuti idakhomeredwa pa malo anayi mwa asanu ndi atatu omangirira. Mu 2025 khoti lidapeza mwini wake wosalakwa, poona kuti kamvuluvuluyo adabwera mwadzidzidzi ndi mphamvu yoti sakadatha kuioneratu. Kwa mwini chosewera wa ku Malawi, komwe akamvuluvulu amavina pa mabwalo a fumbi chilimwe chonse ndipo mphepo ya mwera imaomba mwamphamvu m'miyezi yozizira, nkhaniyi ikutanthauza zinthu ziwiri: zikhomo zonse zikhomedwe, ndipo ngakhale zitakhomedwa, maso akhale kumwamba.

Malangizo a bungwe la HSE, loona za chitetezo pantchito ku Britain, amapereka manambala omwe angathandize aliyense. Jumping castle isagwiritsidwe ntchito mphepo ikapitirira liwiro la makilomita 38 pa ola, yomwe ndi mphepo yoti mitengo ing'onoing'ono yamasamba yayamba kugwedezeka yonse. Ikhale ndi malo omangirira osachepera asanu ndi limodzi, ndipo onse agwiritsidwe ntchito. Zikhomo zikhale zachitsulo, zotalika masentimita 38 ndi zonenepa mamilimita 16. Pa simenti kapena pa phula pomwe chikhomo sichingalowe, pa malo omangirira aliwonse pamafunika cholemera cha makilogalamu 163. Matumba atatu a mchenga a makilogalamu 50 sakukwana pa malo amodzi okha. Izi zikusonyeza kuchepa kwa njerwa ziwiri kapena mwala umodzi womwe umaoneka utamangidwa pangodya m'malo oimika galimoto m'matauni muno. Wowotcherera zitsulo wa pamsika atha kupanga zikhomo za muyeso umenewu pamtengo wochepa kuyerekeza ndi wa jumping castle yomwe. Machenjezo a nthambi yoona zanyengo amamveka pawailesi, ndipo tsiku lomwe achenjeza za mphepo yamphamvu ndi tsiku lobweza dipoziti.

Za dipozitiyo zikambidwe bwino kasitomala asadalipire. Pepala lalifupi lonena maola, chiwerengero cha ana pa ulendo umodzi, yemwe akupereka magetsi, ndi zomwe zichitike mvula kapena mphepo ikalepheretsa mwambo, limapulumutsa mwini chosewera ku kholo lokwiya lomwe likuumirira kuti ana adumphebe poti lalipira. Ambiri amavomera kusintha tsiku ngati adauzidwiratu.

Mwambo ukatha, jumping castle isapindidwe ili yonyowa. Chinyontho chimabweretsa nkhungu ndi fungo, n'kufooketsa ulusi wa m'misoko, ndipo msoko ukayamba kutaya mpweya makina amagwira ntchito mopitirira mphamvu yake mpaka kupsa. Ipukutidwe, ipopedwe kwa kanthawi yopanda ana kuti iume, misoko ndi zingwe zomangirira ziyang'anidwe imodziimodzi, ndipo isungidwe pa thandala kutali ndi makoswe.